Malamba Amene Anatsitsa Maliro

Mpaka lero sindigwira chingwe osachiyendetsa m'manja. Chikhale cha mbuzi, chikhale choyanikira zovala, zala zanga zimayamba zokha kufufuza pamene pakuthothoka. Ana anga amandiseka, amati amayi akusankha chingwe ngati akugula chitenje. Ndimangowasiya aseke. Chizolowezichi ndinachitengera pachitsime cha m'mudzi mwathu, kudera la Zingalume, zaka zija za m'ma 1990 chilala chitangotikwapula, tikudya chimanga chachikasu cholandira.

Kunabwera bungwe lina lokumbitsa zitsime. Ntchito inali yathu eni mudzi, iwo ankangopereka simenti, zida ndi kapitawo. Amuna ankakumba mpaka kupeza madzi, kenako n'kutsitsiramo maring'i a simenti, aja okhala ngati mgolo woboola uku ndi uku, n'kumawasanjikiza kuti dothi lisagumukire m'kati. Ring'i imodzi amuna ankaigubuduza ali gulu, akubuula. Pamwamba pa dzenje ankaimika miyendo itatu yachitsulo n'kupachikapo tcheni buloko, chida chokwezera ndi kutsitsira katundu wolemera. Pakati pa ngowe ya tcheniyo ndi ring'i pankakhala malamba awiri a nsalu yolimba, otambalala ngati chikhatho, kothera kwake kopindidwa n'kusokedwa kuti pakhale khutu lokolekera.

A bungwe ananenetsa kuti pa komiti pakhale mzimayi wosunga zida. Anasankha ine, osati chifukwa chondikhulupirira ayi. Ndinali nditafika giredi naini, ukwati wanga unali utatha, ndiye anthu anati uyu alibe mwamuna womuletsa kuyenda. M'maganizo mwawo ntchito yanga inali kumangirira kiyi wa mosungira zida kunsonga ya chitenje basi. Koma kuboma, kumene anatitengera kuti tikaphunzire, anatiuza zina. Wophunzitsa anali bambo wina wosaseka, wopanda zala ziwiri kudzanja lamanzere, ndipo panalibe amene anafunsa kumene zinapita. Iye anati lamba sayang'anidwa ndi maso okha. Umamuyala poyera m'mawa ntchito isanayambe, n'kumuyendetsa m'manja kuchoka khutu ili kukafika khutu linalo, mbali zonse ziwiri, ukumupinda pang'onopang'ono kuti ngati pali pochekeka payasame. Pamene pauma gwa ndi simenti, pamene ulusi wathothoka, pamene dzuwa lasulutsa mtundu mpaka ukakanda ndi chikhadabo pakutuluka fumbi, makamaka pamsoko wa khutu, pamenepo m'pamene munthu amafera. Lamba samangidwa mfundo, sakokedwa pansi, sagona padzuwa. Pamene akukhudza mphepete mwa ring'i umaikapo chidutswa cha tayala kuti simenti isamudye. Ndipo lamba amene wamukana, anatero bamboyo akugogoda tebulo ndi zala zotsalazo, umudule ndi mpeni tsiku lomwelo, chifukwa ukamusiya wathunthu adzabwerera pantchito.

Anzanga ena ankawodzera. Ine zinandilowa mumtima, chifukwa munthu wolowa m'dzenje kwathu anali achimwene anga.

Achimwene anali aafupi, owonda koma amitsempha, okonda kuimba nyimbo zopanda mutu zimene ankapeka okha. Makolo athu atamwalira ndiwo anandilera. Ankandikweza panjinga kupita nane kusukulu, ndipo tsiku limene mwamuna wanga anandigulula dzino, ndiwo anabwera ndi ngolo, osalankhula ndi munthu aliyense, n'kupakira mapoto anga ndi ine ndemwe. Pachitsime ankawatuma pansi chifukwa dzenje linali lopanikiza ndipo iwo sankachita chizungulire. Ring'i ikamatsika ankaima pakatikati, manja m'mwamba, ring'iyo n'kuwadutsa mowazungulira ngati akuvala diresi, iwo n'kuikhazika bwino pamwamba pa inzake. Kuboma anatiuza kuti pansi pa katundu wolendewera pasamakhale munthu. Nditanena zimenezo kapitawo anaseka, anati zitsime zonse za kuno zakumbidwa chonchi, ring'i ilibe maso oti ikadzikhazike yokha. Choncho chimene chinkatchinga mutu wa achimwene ku simenti ija chinali malamba awiriwo, ndipo woyang'ana malambawo ndinali ine.

M'mawa uliwonse ndinkawayala pamphasa n'kuyamba kuwayendera, amuna atatsamira makasu akung'ung'udza kuti ndikuwachedwetsa. Achimwene ndiwo ankatsogolera kundinena.

"Mlongo, mwamuna uja ukanamamusisita chonchi, ukwati sukanatha."

"Ndikanamuyendera chonchi ndisanalowe m'nyumba mwake, achimwene, ndikanamudula tsiku loyamba lomwelo."

Anthu ankaseka, ntchito n'kuyamba. Masiku amenewo anali abwino, ndipo ndimakwiya ndikawakumbukira.

Malamba amene tinayamba nawo anali atayenda kale m'midzi ina. Akuti poyamba anali obiriwira, koma kwathu anafika atatuwa mbuu. Sipanapite nthawi ndinapeza kuti msoko wa khutu la mmodzi wayamba kumasuka, winayo ali ndi bala m'mphepete loti chala changa chaching'ono chinkalowa. Ndinawakana. Ntchito inaima, anthu anandinena kuti kasukulu kanga kandizunguza mutu, kapitawo anatumiza uthenga kuboma nkhope ili gwaa. Koma lole itabwera ndi simenti inabweretsanso malamba awiri atsopano, achikasu, owala moti odutsa ndi njira ankapatuka kudzawaona.

Ndinatenga mpeni kuti ndidule akalewo. Amene anandigwira dzanja anali amalume, mlongo wawo wa malemu amayi, mwini mbumba yathu, amenenso anali wapampando wa komiti ya chitsime.

"Iwe mwana, mutu ukuyenda bwino? Chinthu cholimba chonchi n'kuchidula? Kuno timamanga ngolo ndi luzi."

"Amalume, anatiuza kuti tizidula."

"Anakuuza ogona m'nyumba za malata. Bweretsa kuno. Pachitsime pano sadzafikanso, ndanena ndine."

Kulimbirana mpeni ndi amalume pagulu sizikanatheka. Chimene ndinakwanitsa ndi kupaka penti yofiira m'makutu onse, kuti aliyense wowaona adziwe kuti awa ntchito yawo inatha. Anapita nawo. Kuyambira pamenepo ndinkawaona akudutsa pangolo, lero amanga nkhuni, mawa matumba a mtedza, tsiku lina anazulira ng'ombe imene inatitimira kudambo. Ankakhala panja pangolopo, dzuwa ndi mame zonse zili pa iwo.

Dzenje litafika pamadzi, maring'i ambiri atatsika kale, m'mudzi munagwa maliro. Anamwalira bambo wina amene anakhalitsa kumigodi, ndipo ana ake anabwera naye palole m'bokosi limene sitinaonepo chiyambire, lolemera, lonyezimira, la zogwirira zachitsulo. Adzukulu, amuna aja okumba manda ndi kuika maliro, ataliyesa anapukusa mitu. Anati zingwe zawo za luzi sizingathe, ndiponso zikatichititsa manyazi pamaso pa anthu a m'tauni. Pamenepo wina anakumbukira malamba achikasu.

Kapitawo anali atapita ku Zemba kukaona chitsime china. Amalume anabwera okha kudzafuna kiyi. Nditayamba kuwiringula anandidula mawu.

"Ukufuna kumana maliro? Iwe sudzafa?"

Ndinapereka, nditapempha chinthu chimodzi chokha, kuti asakawakwirire limodzi ndi bokosi monga amachitira ndi zingwe za luzi. Kunena zoona sindinade nkhawa. Bokosi, ngakhale la kumigodi, silingalemere ngati ring'i ya simenti. Maliro ataikidwa, adzukulu anabwera nawo dzuwa litapendeka, ali katondo yekhayekha. Ndinawachapa ndi madzi opanda sopo, ndinawayanika pamthunzi, atauma ndinawayendera monga mwa masiku onse. Panalibe ngakhale ulusi umodzi wosuntha.

Zovuta zitatha ntchito inayambanso. Ndinafika ndi malamba paphewa, ndinayala mphasa, ndikudikira kuti achimwene ayambe nthabwala zawo. Sanayambe. Nditakweza maso ndinaona amuna onse atafutukira kumbuyo. Mmodzi wa okumba, bambo waulemu wake amene sitinayambanepo, analankhula akuyang'ana pansi.

"Amayi, awo bwererani nawo."

"Alakwanji?"

"Atsitsa maliro awo. Chinthu chatsitsa wakufa m'dzenje, mukufuna chilendewerenso pamutu pa munthu wamoyo ali m'dzenje? Chazolowera icho."

Ndinaseka, poyesa kuti ndi nthabwala, koma palibe anandithandiza kuseka. Azimayi amene ankaphwanya miyala chapafupi anasiya kugogoda. Mmodzi wachikulire anapukuta manja pachitenje n'kunena mokweza kuti ring'i ikatsika ndi zimenezo, madzi akewo ndidzamwa ndekha, iwo abwerera kudambo.

Mtima unandipsa. "Pobwereka simunadziwe zimenezi? Amalume, si inu munabwera kudzatenga kiyi?"

Amalume sanandiyang'ane. Anati zachitika zachitika, tisataye nthawi ndi milandu, ndipo anatuma munthu kukamasula malamba akale aja pangolo.

Anafika atapindikapindika, ouma gwa, akununkha mkodzo wa ng'ombe. Penti yanga yofiira inali ikuonekabe. Pamsoko womasuka paja wina anali atasokapo ndi ulusi wa matumba, mwaluso ndithu, ndipo pa bala lija panali mfundo imene inakaniratu kumasuka. Ndinakanda ndi chikhadabo, fumbi linatuluka. Ndinazungulira gulu lonse ndikupinda lamba pamaso pa aliyense kuti aone ulusi ukuyasama. Amuna awiri anagwira wina uku wina uku n'kukokana mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, ngati kuti mphamvu za anthu awiri odya chimanga cholandira zingafanane ndi simenti. Atatha anandiyang'ana monyada. "Mwaona? Anazula ng'ombe m'matope awa."

Kapitawo anafika panjinga mkangano uli m'kati. Ndinamuthamangira mtima uli pansi, poganiza kuti iye, munthu wa ntchitoyi, anena mawu amodzi nkhani n'kutha. Anamvetsera mbali zonse akuyang'ana kumwamba, kumene mitambo inali itayamba kusonkhana masiku amenewo. Mvula ikanagwa maring'i asanafike pamwamba, dothi likanagumuka n'kukwirira ntchito yonse, ndiponso lole inali pafupi kubwera kudzatenga zida kupita nazo ku Mlolo.

"Amayi, mukunena zoona," anatero chapansipansi. "Koma mudzi ndi wawo, madzi adzamwa ndi iwo. Maring'i atsala ochepa. Tizitsitsa pang'onopang'ono."

Akanandinyoza ndikanaiwala. Mawu akuti mukunena zoona aja amandiwawa mpaka lero.

Ndinayesa njira zonse zimene zinabwera m'mutu. Ndinati tiitane akuluakulu asambitse malambawo ndi mankhwala, monga amasambira adzukulu pochoka kumanda. Anati munthu amasamba n'kuyera, koma nsalu imamwa. Ndinati abusa awapempherere, amuna a gule anati za abusa n'za abusa. Ndinati tidikire ena ochokera kuboma, anandilozera mitambo. Ndinati chabwino, tsitsani ndi zowolazo, koma pansi pasakhale munthu. Kapitawo anabwereza zake zija zakuti ring'i ilibe maso.

Ndinawakokera achimwene kuseri kwa mulu wa mchenga.

"Achimwene, musalowe."

"Ndikapanda kulowa ine, alowa wina wosadziwa poima."

"Alowe amalume."

Anaseka pang'ono, kenako nkhope inasintha. "Mlongo, ndikuuze zoona. Ine ndinali nawo kumanda. Ndinawaona achikasu aja akutsika ndi bokosi. Ndikakhala pansi paja n'kukweza maso, n'kuwaona ali pamutu panga, mawondo andigwedera, ndiye munthu wogwedera mawondo sakhazika ring'i. Akalewa ndimawadziwa, tayenda nawo."

"Akalewo anatha, achimwene. Ndinawagwira ndi manja angawa."

"Wayamba zako zakuboma. Tiye, dzuwa likukwera."

Anandisisita pamutu ngati ndikadali kamwana ka panjinga, n'kupita kukavula malaya.

Ndinapita kukakhala pamwamba pa malamba akalewo, pansi padothi, ndikulira ndi ukali. Ndinati wofuna kuwatenga ayambe wandichotsa. Amalume anangouza azimayi, ndipo anandinyamula anzanga omwe ndinkatunga nawo madzi kudambo, wina mkono wina mwendo, akundinong'oneza kuti ndisawachititse manyazi. Malamba achikasu anawanyamula ndi mtengo, poopa kuwagwira ndi manja, n'kukawaponya patali pansi pa msuku.

Ring'i yoyamba inatsika bwinobwino. Achimwene anakuwa ali pansi kuti yakhala, n'kuyamba kuimba. Anthu anatembenukira kwa ine, ena akuseka. "Amayi a penti, mwaona?" Amalume anatsokomola mokhutira. Ine maso anga anali pa khutu losokedwa ndi ulusi wa matumba lija pamene ankalikolekanso ku ngowe.

Yachiwiri inali itafika chapakati pa dzenje, dzuwa lili paliwombo, tcheni ikulira monga mwa nthawi zonse. Kenako kunamveka kaphokoso kakang'ono, ngati munthu akung'amba chitenje chakale, ndipo tcheni inadumpha. Ring'i inapendekeka, inamenya khoma, inapulumuka mu lamba winayo. Pansi panamveka khuu, fumbi n'kukwera. Nyimbo inaleka.

Ikanagwa chathyathyathya ikanawadutsa monga zinzake. Inagwa cham'mbali. Fumbi litachepa tinasuzumira, tinaona mutu ndi dzanja limodzi zikugwedezeka, kuyambira m'chiuno kupita kumiyendo kuli pansi pa simenti. Anali moyo. Ankaitana amayi athu, amene anali atamwalira kalekale.

Amuna awiri anatsika ndi chingwe cha ndowa, anayesa kunyamula ndi manja, sinasunthe. Pankafunika tcheni buloko, ndipo tcheni buloko inkafuna malamba. Akale aja mmodzi anali atadukiratu, winayo panalibe amene anayerekeza kumutchula. Anthu anayang'anana. Kenako amalume, munthu wamkulu amene sindinamuonepo akuthamanga, anathamangira pansi pa msuku paja, anatola malamba achikasu ndi manja awo, n'kubwera atawakumbatira pachifuwa. Palibe ananena za maliro. Palibe ananena za kuzolowera. Anandipatsa ine kuti ndikoleke, ndipo ndinakoleka ku ngowe ndikukuwira a pansi aja poika zidutswa za tayala. Malambawo anakweza ring'i ija, kenako anakweza achimwene atawakulunga m'bulangete.

Tinapita nawo kukiliniki pangolo ya amalume, mutu wawo uli pamiyendo panga. Ngolo ikagunda mwala ankandifinya dzanja. Njira yonse amalume ankayenda pansi akukusa ng'ombe, osacheuka. Penapake achimwene anatsegula maso n'kundifunsa ngati ring'i yakhala bwino. Ndinati inde. Kukiliniki anatitumiza kuboma, kuboma anatitumiza kutsogolo, ndipo tinabwerera kumudzi chimanga chitacha. Chiuno chinali chitaphwanyika, mwendo umodzi unauma. Poyamba ankayendera ndodo ziwiri, kenako anayamba kungodzikoka ndi manja.

Tinapeza chitsime chitatha. Anamaliza ndi malamba achikasu omwewo, mwakachetechete, ndipo pansi sipanalowenso munthu ring'i ikutsika. Kapitawo anali atapeza nzeru yoiwongolera ndi nsungwi zazitali ali pamwamba. Nsungwizo zinali zitamera kudambo kwathu zaka zonsezi. Mvula inagwa, dothi silinagumuke, madzi anatuluka oyera bwino. Mayi wachikulire uja, amene anati ndidzamwa ndekha, ndiye ankakhala woyamba kufika ndi ndowa m'mawa.

Ndinkayembekeza kuti wina abwera kudzanena pepani. Zimene zinandipeza ndi mphekesera. Anthu anali atagwirizana kale kuti ngoziyo inachitika chifukwa ine ndinabweretsa zinthu zakumanda pafupi ndi chitsime, bambo wa kumigodi uja anatsatira malamba ake. Ena anawonjeza kuti ndinalosera ndi pakamwa panga, akuti wolira munthu akadali moyo amamuitanira tsoka. Ndikafika pachitsime nkhani zinkaduka, azimayi n'kuyamba kutsuka ndowa zoyera kale. Tsiku lina ndinalephera kupirira. Ndinamufunsa mayi wachikulire uja ngati madziwo sakumva kukoma bokosi. Anakandinenera kwa amalume kuti ndilibe mwambo, ndipo amene anapepesa ndi nkhuku ndine.

Kapitawo akuti anauza akuluakulu ake kuti lamba anaduka mwangozi. Za penti yofiira sanatchule. Lole inanyamula miyendo yachitsulo ndi tcheni buloko, koma malamba achikasu anawasiya, chifukwa mbiri yawo inali itafika kale ku Mlolo ndipo kumeneko anawakana. Adzukulu anawatenga. Kuyambira pamenepo ndiwo ankatsitsa maliro onse a m'mudzi mwathu ndi midzi yoyandikana nayo.

Achimwene anakhala zaka zingapo pakhonde panga, akukonza njinga za anthu ndi kuluka malichero. Mkazi wawo anapirira pang'ono, kenako anabwerera kwawo, ndipo ine sindimunena. Amalume ankabwera mwa apo ndi apo ndi fodya, ankakhala pansi, ankakamba za mvula ndi za thonje, n'kutsanzika. Za tsiku lija sizinatuluke m'kamwa mwa aliyense wa ife. Achimwene sanadandaulepo pamaso panga, nthabwala zawo zinabwerera pang'ono, kuimba kokha ndiye anasiyiratu. Tsiku lina ndikuwapatsa madzi anayang'ana m'kapu nthawi yaitali.

"Koma ndi ozizira bwino, eti mlongo?"

Ndinalowa m'nyumba ngati ndaiwala kanthu. Madzi amenewo ndinkawamwa chifukwa panalibe ena, koma sanandikomerepo.

Chilonda cha m'chiuno sichinapole kwenikweni. Chinkatseka, n'kutsegukanso, mpaka thupi linatopa. Anamwalira nyengo yokolola mtedza, zaka za m'ma 1990 zisanathe.

Kumanda azimayi timakhala pansi, kumbuyo kwa amuna. Ndinakhala pamenepo monga mwa mwambo mpaka ndinaona adzukulu akutulutsa malamba m'thumba. Ndinaimirira. Azimayi anandikoka chitenje, ndinachikoka nanenso n'kupitirira, kudutsa pakati pa amuna mpaka pamphepete pa dzenje.

"Bweretsani kuno."

Mkulu wa adzukulu anayang'ana amalume. Amalume, atakalamba tsopano, akutsamira ndodo, anavomera ndi mutu. Nyimbo zinaleka. Ndinagwada pakatondo, anthu onse akudikira, ndinayendetsa lamba woyamba m'manja kuchoka khutu ili kukafika linalo, mbali zonse ziwiri, ndikumupinda pang'onopang'ono. Wachiwirinso chimodzimodzi. Sindinafulumire. Chikasu chija chinali chisanasuluke n'komwe. Chifukwa chowaopa, adzukulu ankawasunga m'thumba, mumdima, osawamanga mfundo, osawakoka pansi, osabwereketsa wa ngolo aliyense. Zonse zimene ndinkawapempha ndi misozi pachitsime anali atazichita okha. Ndinakanda pamsoko ndi chikhadabo, sipanatuluke fumbi.

Amalume anandiweramira. "Ali bwanji, mwana wanga?"

"Ali bwino, amalume. Analinso bwino tsiku lija."

Ndinapereka malambawo kwa adzukulu, ndipo anawatsitsa achimwene pang'onopang'ono, osapendekeka ngakhale pang'ono.